Nsambo za a Manzere

Dzina lakuti a Manzere analipeza imvi zitayamba kale, ndipo linali la anzawo a gulu la ukulele basi. Kwina konseko palibe ankadziwa kuti bamboyu anabadwa wamanzere. Ankalemba ndi dzanja lamanja, kudya ndi lamanja, kupereka moni ndi lamanja. Aphunzitsi awo a kalasi yoyamba anaigwira ntchito yawo mokwanira: rula pa zala tsiku ndi tsiku, mpaka mwana anaphunzira kukhalira dzanja lamanzere pabenchi ngati wabisa chakuba. Mayi awo atafunsa za zala zotupazo, mwanayo anangoti palibe vuto. Mawu amenewo anakula nawo, anakwatira nawo, anakalamba nawo.

Ntchito yawo inali yosita, m'chipinda chochapira cha hotela ina, pansi penipeni pa nyumbayo, kumene dzuwa amangolimvera mbiri. Amene anapanga matebulo ositirawo sanaganizepo za anthu ngati iwo. Chingwe cha simbi chinkachokera kumanja, poikapo simbi kumanja, chopondera nthunzi kumanjanso. Mabedishiti ankabwera pangolo osaleka, kenako nsalu za patebulo, kenako malaya a alendo okhala ndi timabatani tosachedwa kusungunuka. Pofika nthawi yoweruka phewa lamanja linkakhala litaphikika, pamene dzanja linalo linkabwerera kunyumba lisanatuluke ndi thukuta lomwe.

Mkazi wawo atamwalira, mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anapeza ntchito ku mzinda wakutali, ndipo nyumba inangoti zii. Mlonda wa pahotela ndiye anawakokera ku gulu lina lomwe linkakumana m'chipinda chakumbuyo kwa laibulale. Kumeneko anapeza anthu akuluakulu ndithu, ena a zidzukulu, atakumbatira timagitala ting'onoting'ono ta nsambo zinayi, totchedwa ukulele, ngati makanda. Mtsogoleri wawo, namwino wopuma pantchito amene onse ankamutcha a Sisitala, anawapatsira kamodzi kuti ayese. A Manzere anakalandira mosaganiza, khosi lake kumanja, dzanja lamanzere pa nsambo. Ataona kuti anzawo onse agwira kwina, manyazi anawagwira, n'kuyamba kukatembenuza.

"Kasiyeni choncho," anatero a Sisitala. "Titembenuza nsambo, osati munthu."

Anazimasula zonse zinayi n'kuzimanga mosemphanitsa, yam'mwamba pansi, yapansi m'mwamba. Kuyambira tsiku limenelo kagitala ka a Manzere kanakhala kawokawo. Wina aliyense akakagwira kankalira zachilendo, ndipo nawonso sakanatha kuimba ka mnzawo. M'moyo wawo wonse, chinthu chokhacho chimene dzanja lamanzere linaloledwa kuchita pamaso pa anthu chinali chimenechi.

Chaka chimenecho gululo linaitanidwa ku chikondwerero cha ukulele, cha Loweruka ndi Lamulungu, pa koleji ya kutsidya kwa tauni. Linapatsidwa mpata woimba Lamulungu masana. M'nyimbo yawo munali kachigawo kapakati koti munthu mmodzi aimbe yekha anzake atakhala chete, ndipo a Sisitala anakapereka kwa a Manzere. A Kalaliki, amene ankagwira ntchito ku ofesi ya zamadzi ndipo kagitala kawo kanali konyezimira kuposa ka wina aliyense, anamwetulira kumwetulira kwa munthu amene wapondedwa chala pagulu.

Macheza a pafoni a bamboyu ndi mwana wake ankakhala aafupi. Mwadya? Ndadya. Phewa bwanji? Palibe vuto. Koma sabata imeneyo a Manzere anapempha chinthu, koyamba chibadwire mwanayo.

"Mayi, ubwere udzandimvere ndikuimba. Kamodzi kokha."

Mwanayo anati abwera. Iye anali asanawaonepo bambo ake atagwira kagitalako, poti anayamba iye atachoka. A Manzere sankafuna china chilichonse pa chikondwerero chonsecho koma chimenechi: kuti mwana wawo akhale pampando awamve.

Lachisanu ataweruka anapeza makatani atayanikidwa panja, nyumba ikununkhira sopo. Mwana anali atafika masana, n'kutenga kiyi kwa aneba. Atapatsana moni, anawagwira dzanja n'kuwatsogolera kutebulo ngati wakhungu. Pamenepo panali kagitala kawo, kopukutidwa mpaka kuwala, nsambo zake zoyera mbee.

"Zakale zija zinada, ababa, zinachita kuperepeseka. Ndinakapititsa kushopu ya zoimbira. Ndiye mukudziwa? Bambo wa m'shopumo akuti amene anakumangirani anasokoneza, zonse zinali chadodolido. Wakukonzerani bwinobwino."

Safunsa anadya phula, koma apa phulalo anadyera wina. A Manzere anaima njo, chikwama cha kuntchito chidakali paphewa. Vuto silinali kutembenuza kokha. Aliyense woimba ukulele amadziwa kuti nsambo zatsopano sizisinthidwa chionetsero chili pafupi. Zimatamuka kwa masiku ambiri. Ukazikunga bwino, usanamalize nyimbo zakhwefuka kale, ndipo mawu amatsetsereka ngati wailesi ya mabatire akutha.

Anayang'ana mwana wawo. Maso ake anali kudikira, ndipo anali maso a mayi ake enieni.

"Wachita bwino, mayi," anatero. "Zikomo. Zakalezo unabwera nazo?"

"Zachiyaninso? Anataya m'bini."

M'mawa wa Loweruka mwana asanadzuke, a Manzere anakhala pakhonde lakuseri n'kumasula nsambo zonse. Wa m'shopu uja anali atadula nsonga zake mwaukhondo, moti pomanga mfundo panatsala pochepa kwambiri. Zala zozolowera chigwiriro cha simbi zinalimbana ndi timfundoto mpaka zikhadabo kuwawa. Pomaliza nsambo zinabwerera m'malo mwake, koma mawu ake anali ngati a munthu wachimfine. Atamva chitseko cha kuchipinda chikutseguka, anakaponya m'thumba lake msangamsanga.

Pakolejipo anapeza anthu ali yakaliyakali. Malaya amaluwamaluwa, zipewa zaudzu, mabaji pachifuwa. M'makonde munali matebulo ogulitsa timagitala, malamba, mabuku a nyimbo ndi makapu ojambulidwa timagitala tomweto. Pakapinga gulu lina linkakhwacha nyimbo yake, pamasitepe lina yakenso, m'kalasi iliyonse munthu ankawerengera anzake kuti ayambire pamodzi, ndipo sankayambira pamodzi. Kachipangizo aka kali ndi khalidwe limodzi lotopetsa: kamakakamiza munthu kumwetulira ngakhale msana ukuwawa. Aliyense ankamwetulira. A Manzere, amene anasita sabata yonse kuti apatsidwe masiku awiriwa, anamwetulira nawo mpaka masaya kulema.

Anamupezera mwana wawo mpando m'holo yaikulu, momwe magulu ankasinthana pansanja.

"Uzionerera, ndikubwera pompano. Tikungokonzekera pang'ono."

Gulu lawo linakumana m'kalasi ya masamu, mabenchi atakankhidwira kukhoma. Nyimbo inayamba bwino, poti m'chigulu munthu amabisala. Koma anzawo atangoti chete kuti a Manzere aimbe okha, chinsinsi chinaululika. Nsambo yachitatu inali itatsika kale, yoyamba ikuitsatira. Mayi wina anaphimba pakamwa. A Kalaliki anayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata.

A Sisitala anatsitsa magalasi. "Mwasintha nsambo?"

"Ndasintha."

"Liti?"

"Dzulo."

"Inu a Manzere? Ndi zaka zonsezi? Chakulumani n'chiyani?"

"Zinada," anatero a Manzere, maso ali pansi. Za mwana wawo sanatchule.

"Ndikanakubwerekani kanga," anatero a Kalaliki mwaulemu wonyanya, "koma paja inu zanu n'zapadera."

Holo yonseyo, makonde onsewo, timagitala tochuluka ngati nyerere, ndipo panalibe n'kamodzi komwe kamene akanatha kubwereka. A Sisitala sanali munthu wankhanza, koma anazolowera kunena zoona kwa odwala. Anati gululo likumananso mawa lake lisanakwere pansanja. Ngati nsambozo zikhale zisanakhazikike, kachigawoko aimba a Kalaliki.

"Mankhwala ake mukuwadziwa," anawonjeza. "Kokani, kungani, imbani, kokaninso. Osazipatsa mpumulo."

Malo a phee pachikondwerero cha ukulele ndi osowa. A Manzere anawapeza kunsi kwa masitepe akumbuyo, pafupi ndi kachipinda ka okolopa, pakati pa ndowa ndi matsache. Anakhala pa ndowa yovundikira. Ankalowetsa chala pansi pa nsambo n'kuikokera m'mwamba pang'onopang'ono, kuopa kuti mfundo zazifupi zija zingamasuke, kenako n'kupotokola kakiyi mpaka kamakina kochunira kayatse kobiriwira. Akaimba kachigawo kawo kamodzi, kamakinako kankabwerera kofiira. Ankayambiranso.

Nthawi ndi nthawi ankatsekera kagitalako m'thumba n'kuthamangira kuholo. Ulendo woyamba anapeza mwana atagula makapu awiri a tiyi, wawo atazizira pansi pa mpando. Anamwa wozizirayo n'kuuyamikira. Asanakhazikike n'komwe, mtima unali utabwerera kale kunsi kwa masitepe, poti mphindi iliyonse imene nsambo zikupuma inali yotayika.

"Ababa, bwanji anthu aja akukutchulani a Manzere?"

"Nthabwala chabe za anthu awa. Ndikubwera, ndikaone a Sisitala."

Ulendo wachiwiri mwana anali ndi kapepala ka ndondomeko m'manja. Kunali kalasi ya ongoyamba kumene, timagitala tobwereka tilipo.

"Tiyeni limodzi, muzikandionetsa poika zala. Mwina n'kudzakhala woimba ngati inu."

"Tsogola, mayi, ndikupeza konko."

Sanamupeze. Mphuno imodzi silowa zala ziwiri, ndipo a Manzere anasankha nsambo, akudziuza kuti zonsezi akuchitira mwana yemweyo. Mayi wina wokolopa anabwera kudzatenga ndowa yake, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo, chikondwerero chili uko. Kuno n'kwa ife."

"Ndikudziwa, mayi. Pepani."

Anaimirira, n'kupitiriza ali chiimire, atatsamira khoma. Kuimirira sikunali kwachilendo kwa iwo. Chachilendo chinali chakuti lero dzanja lamanzere nalo linali litatopa, chala cholozera chitatupa mzere wofiira.

M'basi pobwerera anakhala moyandikana. Mwana ankayang'ana pawindo. A Manzere anafuna kumufunsa za kalasi ija, za ntchito yake, ngati kumene amakhala kuli anthu abwino, koma tulo tinawaba mutu uli pathumba la kagitala. Anadzidzimuka mwanayo akuwagwedeza kuti afika.

Lamulungu mwana ananyamuliratu chikwama chake, poti basi yake inali yamadzulo ndipo ankati achokera konko kupita kudepoti. A Manzere anamukhazikanso m'holo, n'kunenanso kuti akubwera pompano. Mwanayo anangosuntha chikwama kuti anthu azidutsa.

Kunsi kwa masitepe zinthu zinayamba kusintha dzuwa litakwera. Anaimba kachigawo kawo, kamakina kanakhalabe kobiriwira. Anabwereza, kobiriwirabe. Sanakhulupirire, choncho anabwerezanso kangapo, msana ukulira, m'mimba muli pululu. Pa kukumana komaliza m'kalasi ya masamu ija, anzawo atakhala chete, mawu anatuluka oyera kuyambira poyamba mpaka pomaliza. A Sisitala anangogwedeza mutu kamodzi, ndipo kwa a Sisitala kumeneko kunali kuwomba m'manja. A Kalaliki anati akondwa kwambiri, nkhope ikunena zina.

A Manzere anapita kuholo akuyenda ngati mnyamata. Pampando wa mwana wawo anapeza bambo wina wachipewa chaudzu akudya bisiketi. Anazungulira makonde, anasuzumira m'makalasi, anafunsa wogulitsa tiyi. Anakamupeza kugeti, atakhala pa kakhoma kakafupi, chikwama chili pamiyendo, foni m'manja.

"Mayi, ukutani kuno? Tatsala pang'ono kukwera."

"Ndasintha tikiti, ababa. Ndikwera yamasana. Takisi ikubwera."

"Chifukwa chiyani?"

"Mukundifunsa ine?" Mawu ake sanakwere. "Ndayenda ulendo wonse uja kudzakhala ndi mpando. Dzulo ndinamwa tiyi ndekha, ndinaphunzira ndekha, ndinawombera m'manja anthu osawadziwa mpaka manja kuwawa. Mukandiona mumachita ngati mwaona wokulondalondani. Ngati ndinakulakwirani pochoka pakhomo amayi atangotisiya, nenani. Osandiitana kuti mudzandionetse msana."

A Manzere anakhala pa kakhomako. Bodza lina linali litafika kale pamilomo, lofewa bwino, losapweteka munthu. Koma anali atatopa kwambiri moti analibe mphamvu zolinyamula. Anatsegula thumba, natulutsa kagitala, n'kukagwira mmene amakagwirira.

"Ine ndine wamanzere, mayi. Chibadwire. Nsambo zija sizinasokonezedwe, zinamangidwa choncho dala, chifukwa cha ine. Ndiye zatsopano zimatamuka, sizigwira mawu msanga. Ndakhala ndikuzikoka kuseri uko kuti zikhazikike, kuti ukadzamva usadzamve zamanyazi."

Mwanayo anayang'ana dzanja la bambo ake, chala chotupacho, kenako nkhope yawo.

"Ndiye kuti ndinakuonongerani."

"Sunadziwe."

"Nanga ndikanadziwa bwanji? Ndakula m'nyumba mwanu osadziwa ndi dzanja lanu lomwe!" Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, mokwiya. "Munandiuza kuti ndachita bwino. Munandithokoza, ababa. Mukanangoti iwe mwana wopusa, taona zimene wachita, bwenzi titakhala limodzi kuseri kwanuko, ine ndikukugwirirani tiyi."

Zimenezo a Manzere sanaziganizepo ngakhale kamodzi masiku awiri onsewo, ndipo zinawapweteka kuti zinali zapafupi chotero.

"Tikitiyo singabwezedwe?"

"Yamadzulo yadzaza. Mpando wanga atenga ena." Anapumira m'mwamba. "Imbani."

"Pano?"

"Pompano. Si munandiitanira zimenezo?"

Anaimba pageti pomwepo, magalimoto akudutsa, kuseri kwawo magulu atatu akukhwacha nyimbo zitatu zosiyana. Dzanja lamanzere linayenda lokha, mopepuka, ndipo nsambo zonse zinayi zinagwira mawu osatsetsereka. Sanaimbepo bwino chotero. Atamaliza anasiya dzanja lili pansambo.

"Yatha?" anafunsa mwanayo.

"Yatha."

"Kafupika bwanji."

"N'kachigawo chabe. Enawo timaimba tonse."

Takisi inaima patsogolo pawo n'kuliza hutala. A Manzere ananyamula chikwama n'kuchiika kumbuyo. Mwanayo anawakumbatira mwachangu, kagitala kali pakati pawo, n'kulowa. Galimoto isananyamuke anatsitsa galasi.

"Mumaimba bwino, ababa. Zoona. Koma nyimboyo mukanatha kungonditumizira pafoni. Ine ndinabwera kudzakhala nanu."

Takisi inakhota pakona. A Manzere anatsala ataima pamsewu, kagitala kali lende m'dzanja. Kukhomo la holo a Sisitala ankawakodola ndi manja onse awiri, poti gulu linali litayamba kale kukwera pansanja. A Manzere anawaona bwinobwino. Anakhalanso pa kakhoma kaja, pamalo pamene mwana wawo anakhala, kuti apume kaye pang'ono.